Mpanda wa Minga: Mmene Abale a Grimm Adajambulira Mtima Wokana Kusintha

Nthano ya nambala 50 m'buku la Jacob ndi Wilhelm Grimm, abale awiri a ku Germany, ndi yaifupi moti munthu amaimaliza m'mphindi zosakwana khumi. M'Chijeremani amaitcha Dornröschen, ndipo ambiri adaidziwira mu filimu ya Disney ya mu 1959, Sleeping Beauty. Amaikumbukira ngati nkhani ya chikondi: mwana wamkazi wa mfumu agona zaka 100, mnyamata abwera kudzamupsompsona, kenako ukwati. Koma mukawerenga zomwe abalewa adasindikiza, chikondicho chimangotenga mizere yowerengeka kumapeto. Thunthu la nthanoyi ndi banja lomwe lidauzidwa kuti zinthu zidzasintha, ndipo lidayesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti zisasinthe. Luso la mlembi lagona poti salowa m'mutu mwa munthu aliyense kuti atiuze zomwe akuganiza. Nkhawa zonse waziika m'zinthu zogwirika ndi zooneka: mbale, kiyi, minga, ntchentche pakhoma. Buku lawo, Kinder- und Hausmärchen, lidatuluka koyamba mu Disembala 1812 lili ndi nthano 86, ndipo Wilhelm adapitiriza kulikonza mpaka lidasindikizidwa kachisanu ndi chiwiri mu 1857. Tiyang'ana nthanoyi monga ilili m'buku la mu 1857, popeza ndi momwe dzanja lake likuonekera bwino.

Tsoka lonse likuyambira pa mbale imodzi. Mfumu yakonza phwando la mwana amene idamulira kwa nthawi yaitali. M'dziko mwake muli amayi anzeru 13 omwe mawu awo amadalitsa kapena kutemberera, koma mbale zagolide kunyumba yachifumu zilipo 12. Munthu wachuma chotere sangalephere kusulitsa mbale ina, ngakhale kubwereka kumene. Iye m'malo moonjezera mbale, achotsa munthu. Dongosolo la m'nyumba mwake, momwe adalipezera ndi momwe adalizolowerera, lamulemera kuposa choonadi cha kunja kwa mpanda. Charles Perrault, Mfalansa amene adasindikiza nthano yomweyi mu 1697, adaipatsa mfumu yake pothawira: mayi wosaitanidwayo adali atakhala m'nsanja zaka zoposa 50 osatuluka, ndipo anthu ankayesa kuti adamwalira kapena adalodzedwa. Abale a Grimm sadafune kuichitira chifundo chotere. Mfumu yawo ikudziwa bwino kuti amayiwo alipo 13. Umu ndi momwe kukana kusintha kumayambira mwa anthu ambiri: munthu amachiona chinthucho, koma poti sichikukwana pa tebulo lomwe adayala kale, amachisiya panja ngati kulibe.

Taonani mmene mayi wa nambala 13 walowera. Sapereka moni, sayang'ana munthu, ayankhula chiganizo chimodzi chokha chakuti mwanayo akadzafika zaka 15 adzadzibaya ndi chopotera ulusi nkugwa ndi kufa, atembenuka, atuluka. Palibe mkangano, palibe kuchonderera. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo sichidikira kuti muchiyankhe. Mlembi wasankhanso bwino nthawi yomulowetsa: pamene amayi 11 atha kudalitsa, wina mmodzi asanatsegule pakamwa. Wotsalayo sangathe kufafaniza temberero, angathe kungolifewetsa, imfa isanduke tulo ta zaka 100. Apa ndi pomwe pali lamulo la nthano yonse. Chomwe chikubwera sichibwezedwa, koma chikhoza kulandiridwa mwa njira yoti chisaphe. Mayi ameneyu ndiye wanzeru kuposa onse m'nkhaniyi, chifukwa wavomera malire a mphamvu zake nkugwira ntchito mkati mwa malirewo. Mfumu yamva mawu ake ndi makutu ake, koma phunziro lake silidalowe.

Chomwe idachita ndi kulamula kuti zopotera ulusi zonse m'dzikomo zitenthedwe. Kwa owerenga a mu 1812 lamulo limeneli lidali lalikulu kuposa mmene ife tingaganizire. Kamtengo kopotera ulusi kadali m'nyumba zambiri za kumidzi. Ndi komwe kunkachokera ulusi wolukira nsalu, ndipo mtsikana ankaphunzira ntchitoyi ngati mbali ya kukula kwake. M'nyengo yozizira amayi ndi atsikana ankasonkhana m'nyumba imodzi madzulo kupota ulusi wa fulakesi uku akucheza ndi kusimba nthano. Choncho mfumu yotentha zopotera ikuvula dziko lonse pofuna kuteteza mwana mmodzi, ndipo ikutenthanso chizindikiro cha ukulu wa mwanayo. Nthanoyi siitchula mfumuyi kuti ndi yankhanza. Imangonena mwachidule kuti inkafuna kupulumutsa mwana wake wokondedwa. Ndi chikondi chenicheni, ndipo nchifukwa chake nchovuta kuchitsutsa. Anthu ambiri okana kusintha amakhala akuteteza chinthu chabwino ndithu.

Chomwe chikutsatira ndi msampha wotchedwa mwaukatswiri. Tsiku lomwe mtsikanayu akukwanitsa zaka 15, tsiku lokhalo lomwe makolo ake adachenjezedwa, iwo sali pakhomo. Mlembi safotokoza komwe apita kapena chifukwa chake, ndipo sakufunika kutero. Munthu amene watentha zopotera zonse amadziuza kuti nkhani idatha, ndipo amaleka kuyang'anira. Mtsikanayo ayendayenda m'zipinda, afika pa nsanja yakale, akwera masitepe opapatiza ozungulira, apeza kachitseko kali ndi kiyi wadzimbiri pachiboo. Dzimbirilo likutiuza kuti padutsa zaka munthu asanatsegulepo. Asilikali adasesa dziko lonse, koma chipinda chomwe chidatsala chidali pamwamba pa mutu wa mfumu yomweyo. Mkati muli gogo akupota ulusi. Mtsikanayo apereka moni mwaulemu, afunsa chomwe gogoyo akuchita, afunsanso kuti kanthu kakudumphadumpha mosangalatsako nkachiyani. Funso limeneli ndi chiweruzo pa bambo ake. Mwana aliyense wa mlimi akadakadziwa kamtengoko ndi kagwiridwe kake. Iyeyu sadakaonepo, sadamvepo dzina lake, ndipo nchifukwa chake akukagwira molakwika. Chitetezo chija ndi chomwe chakonza njira ya ngoziyo.

Bruno Bettelheim, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa The Uses of Enchantment, adamasulira magazi a pachalapo ngati kutha msinkhu kwa mtsikana, chinthu chomwe bambo aliyense sangachiletse ngakhale atakhala mfumu. Kwathu kuno mwana akafika pamenepo amamupezera anankungwi kuti amulange, adziwe chomwe chamufikira. Mfumu ya m'nthanoyi idachita zosemphana: idabisa nkhani yonse, ndipo mayi wamkulu yekhayo amene mwanayo adakumana naye pa tsikulo sadamuchenjeze kanthu. Komabe nthanoyi ndi yaikulu kuposa kumasulira kumodzi kumeneku. Chopotera chija chikhoza kukhala ukalamba, kutha kwa ntchito, mwana wofuna kuchoka pakhomo, matenda omwe dokotala adatchula kale koma banja lidagwirizana kuti lisamawatchule.

Tsopano tifike pomwe pali ngale ya nthanoyi, ndime ya tulo. Mlembi wina akadangonena kuti aliyense adagona. Wilhelm Grimm akutiyendetsa m'nyumba yonse, ndipo ndondomeko yake ndi yoganiziridwa. Ayamba ndi mfumu ndi mkazi wake, omwe angofika kumene, mochedwa ndi mphindi zochepa. Kenako nduna ndi antchito. Kenako akavalo m'khola, agalu pabwalo, nkhunda padenga, ntchentche pakhoma. Akutsika kuchoka pa wamkulu kufika pa kachirombo komwe palibe amakawerengera. Atafika pansi penipeni pa zamoyo, adumphira ku zinthu zomwe sizigona nkomwe: moto wa pachitofu uima nji, nyama yomwe inkawotchedwa ileka kulira. Ndiye abwerera kwa anthu ndi chithunzi choseketsa: wophika amene ankafuna kukoka tsitsi la mnyamata womuthandiza, chifukwa cha cholakwa china, amusiya nkugona. Pomaliza atitulutsa panja, pomwe mphepo yaleka ndipo palibe tsamba lomwe likugwedezeka. Pamenepo dziko lonse lili zii.

Ndime imeneyi ikuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ikupatsa mfumu chomwe inkafuna. Inkafuna nyumba yomwe simusintha kanthu, ndipo yaipeza: mwana sakula, makolo sakalamba, chakudya sichipserera, palibe womwalira. Mtengo wake ndi wakuti palibenso wodya, woseka kapena woyankhula. Chachiwiri, ikuonetsa kuti munthu sangaimitse chinthu chimodzi chokha m'moyo mwake. Pofuna kuimitsa kukula kwa mwana, zaima zonse mpaka ntchentche. Amene adakhalapo m'banja lomwe muli nkhani yosakambidwa akudziwa mmene kukhala chete pa nkhani imodzi kumafalikira ku nkhani zina zonse. Katswiri wa nthano wa ku Switzerland, Max Lüthi, m'buku lake la mu 1947 lonena za nthano za ku Ulaya, adaonetsa kuti anthu a m'nthanozi sapatsidwa za mumtima zoti tizisanthule. Zomwe zikadakhala maganizo zimasanduka zochitika ndi zinthu zooneka. Dornröschen ndi umboni wabwino wa mfundoyi. Palibe pomwe tauzidwa kuti banjali lauma mtima ndi mantha. Taona dzanja la wophika litasiya tsitsi la mnyamata, ndipo tamvetsa.

M'nyumbamo chilichonse chaima, koma panja pali chinthu chimodzi chomwe chikukula: mpanda wa minga. Chaka ndi chaka ukukwera, mpaka wakuta nyumba yonse, ngakhale mbendera ya padenga siikuonekanso. Palibe amene adaudzala, palibe amene akuuthirira. Mphamvu zonse za moyo zomwe zikadapita ku kukula kwa anthu zapita ku chotchinga. Ndipo mbendera ija si yongokometsera nkhani. Mbendera imauza odutsa kuti pano ndi pa yani. Munthu akakhalitsa m'chitetezo chake, anthu amaleka kumuona iyeyo, amangoona mingayo. Zomwe zatsala kunja ndi mphekesera chabe, mbiri ya mtsikana wokongola amene akugona penapake mkatimo.

Mbiri imeneyi ikopa ana a mafumu, ndipo apa nthano ikhala yankhanza mwadzidzidzi. Anyamatawo ayesa kuboola mpandawo, koma minga igwirana zolimba ngati ili ndi manja, iwo akodwa momwemo nkufa imfa yomvetsa chisoni. Mlembi sawatchula mayina, sawerenga kuti adali angati, sanena kuti adali oipa kapena amantha. Cholakwa chawo nchimodzi: adafika nthawi isanakwane. Madokotala a maganizo adalipeza phunziro lomweli m'zipinda zawo zoonera odwala. Sigmund Freud, m'buku lomwe adalemba ndi Josef Breuer mu 1895, adafotokoza za odwala omwe ankabwera okha kudzafuna thandizo, koma akayandikira chikumbutso chowawa mtima wawo womwewo unkatseka njira. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 1991, William Miller ndi Stephen Rollnick adasindikiza buku lonena za kuthandiza anthu omwa mowa mwauchidakwa ndi ena otero, ndipo mfundo yawo idali yakuti kumukankha munthu ndi kumutsutsa kumangolimbitsa kukana kwake. Mukamutsutsa amayamba kuteteza khalidwe lomwe iye mwini ankalikayikira kale. Minga imagwirana kwambiri pomwe pali wokankha.

Ndiye pabwera mnyamata womaliza. Amva nkhaniyi kwa nkhalamba ina, yomwe nayo idamva kwa agogo ake za anyamata omwe adafera pampandapo. Ndi mawu ochepa chabe, koma atiyezera zaka 100 m'mibadwo ya anthu, ndipo atikumbutsa kuti kunja anthu akhala akubadwa, kukalamba ndi kufa. Mnyamatayo akana kubwerera. Mufilimu ya Disney amatema minga ndi lupanga nkumenyana ndi chinjoka. M'buku la abale a Grimm mulibe lupanga, mulibe chinjoka. Zaka 100 zangokwana tsiku lomwelo, mpandawo wasanduka maluwa akuluakulu okongola omwe apatuka okha kumupatsa njira, nkutsekanso iye atadutsa. Sadapose anzake aja mphamvu kapena nzeru. Kulimba mtima adali nako, poti adapita atamva kuti ena adafa, koma chomwe chidatsegula njira ndi nthawi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo kutsekanso kwa mpandawo kumbuyo kwake ndi kadontho ka luso komwe ambiri sakaona: munthu amene wayamba kumasuka amalola mmodzi kulowa, osati gulu.

Mnyamatayo ayenda m'nyumbamo, ndipo mlembi atiwerengeranso mndandanda uja kachiwiri, koma ndi maso a mlendo, ataonjezapo tinthu tatsopano: nkhunda zabisa mitu m'mapiko, wophika dzanja lili m'malere ngati akufuna kugwira mnyamata womuthandiza uja, wantchito wamkazi wakhala ndi nkhuku yakuda yoti aisosole. Atamupsompsona mtsikanayo, mndandanda ubweranso kachitatu, tsopano chilichonse chikuyenda. Akavalo adzigwedeza, agalu apukusa michira, nkhunda ziuluka, ntchentche ziyamba kukwawa, moto uyaka, nyama iliranso. Katatu konseka zinthu ndi zomwezo, koma koyamba zikuima, kachiwiri zaima, kachitatu zikudzuka. Mwana womvetsera amayamba kudikira ntchentche zija, ndipo zikafika amaseka. Kubwereza kumeneku ndi mafupa a nthano yonse.

Chomwe chimanditenga mtima kwambiri ndi zomwe zachitika kukhitchini. Wophika uja atadzuka amuwomba khofi mnyamata womuthandiza uja mpaka akuwa, ndipo wantchito amaliza kusosola nkhuku yake. Zaka 100 zadutsa, koma mkwiyo wa wophika sudazizire ngakhale pang'ono. Ndi nthabwala, inde, koma mkati mwake muli chiweruzo cha nthano yonse. Tulo sitidathetse kanthu. Ngongole iliyonse, mkangano uliwonse, ntchito iliyonse yosamalizidwa idangodikira pomwe idasiyidwa. Mtsikana amene bambo ake sankafuna kuti akule wadzuka nkukwatiwa. Zonse zomwe mfumu idachita zidangochedwetsa tsikulo, ndipo amene adalipira ndi amayi omwe adatenthedwera zopotera ndi anyamata omwe adafera pa minga.

Perrault adaona mbali ina ya nkhaniyi yomwe abale a Grimm adaisiya. Kwa iye mfumu ndi mkazi wake sagona nawo, amachoka, ndipo mwanayo akamadzuka iwo kulibe. Mnyamata womudzutsayo aona kuti zovala za mtsikanayo ndi za nthawi ya agogo, koma mwaulemu sanena kanthu, ndipo oimba a m'nyumbamo aimba nyimbo zomwe zidaleka kuimbidwa zaka pafupifupi 100 zapitazo. Perrault akuseka munthu wotsalira m'mbuyo dziko likupita. Abale a Grimm alibe chidwi ndi fashoni. Iwo agoneka banja lonse pamodzi, chifukwa vutolo ndi la banja lonse. Onse awiri adanena zoona, koma a Grimm adafika pakuya.

Chodabwitsa nchakuti abalewa nawo adali ndi kachirombo kofanana ndi ka mfumu ija. Ankasonkhanitsa nthanozi ku Kassel pa nthawi yomwe mzindawo unkalamulidwa ndi Jérôme Bonaparte, mng'ono wake wa Napoleon, ndipo ankafuna kusunga zomwe ankaziona ngati chuma chakale cha Ajeremani chisanatayike. Koma nthano iyi adaimva kwa Marie Hassenpflug, mtsikana wophunzira wa m'banja lomwe mbali ya mayi ake idachokera ku France, ndipo fungo la Perrault likumveka m'nkhaniyi. Nthano zina zonunkhira Chifalansa, monga ya mphaka wovala nsapato, adazichotsa atasindikiza koyamba. Iyi adaisunga poti adaiona ikufanana ndi nkhani yakale ya kumpoto kwa Ulaya ya Brynhild, yemwe mulungu Odin adamugoneka pomubaya ndi munga. Ndipo Wilhelm, amene ankati akusunga zakale, sadaleke kuikonza. Mu 1812 yemwe adalosera kubadwa kwa mwanayo idali nkhanu, pambuyo pake adasanduka chule. Kiyi uja poyamba adali wachikasu, dzimbiri lidabwera mtsogolo. Nthanoyi idakhala ndi moyo chifukwa idaloledwa kusintha m'manja mwa munthu aliyense amene adaigwira.

Owerenga a lero ali ndi chifukwa chodandaulira kuti mtsikanayu sachita zambiri, ndiponso kuti akupsompsonedwa ali mtulo osafunsidwa. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo nkhani yakale ya Giambattista Basile wa ku Naples, yosindikizidwa m'zaka za m'ma 1630, ndi yoipitsitsa pa mbali imeneyi. Koma tisaiwale kuti m'nyumba yonse ija ndi mtsikanayu yekha amene adakwera masitepe, kutembenuza kiyi ndi kufunsa funso. Ena onse ankateteza zomwe zidalipo kale.

Dornröschen ndi nthano yomangidwa mwaluso losowa. M'masamba ochepa yanena kuti chomwe mwachikana pakhomo chidzalowa chosaitanidwa, kuti kubisira munthu ngozi nkumulanda chida chodzitetezera, kuti wodzitsekera satsegulidwa ndi mphamvu, ndiponso kuti kudikira sikufafaniza ngongole. Yanena zonsezi popanda kulalikira ngakhale kamodzi. Timaisimbira ana, koma amene ikuwadzudzula ndi akulu. Makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri aiwerenge mofatsa, ndipo ngati pali chinthu chomwe akudziwa kuti ana awo adzakumana nacho, awaonetse kagwiridwe kake tsikulo lisanafike.